Chimezamaina

Ndinalijambula ndi bolopeni yofiira
kuseri kwa lisiti la mtedza,
pa sikelo ya ku Kamwendo, mwezi wa Juni,
ogulitsa atachepa, fumbi likuvina lokha pamsewu.
Poyamba kanali kachulu chabe.
Kulakwa kwanga kunali kulipatsa dzina.

Musalifune pa mapu a Mchinji,
musavutitse akabaza a paboma.
Lili m'dziko la Kuseri-kwa-Dzulo,
kumene miyezi iwiri imalimbirana thambo
ndipo mitsinje ikatopa imabwerera kugwero.

Njira zake zimasamuka usiku
ngati matenanti othawa ngongole.
Mwala umene unakunyamula dzulo
lero ukukana kuti sunakuonepo.
Nkhungu yake imabwereka mawu a mayi ako,
imati bwera, madzi osamba atentha,
iwe nkumapita ukumwetulira
mpaka phazi litaponda pamene palibe.

Pa mpata woyamba limakulanda chiwongo.
Pa wachiwiri, dzina la amene umamulota.
Wofika pamwamba amaona dziko lonse, ee,
koma osadziwa kuti akuona ndani,
kapena woti akamuuze.

Ndinatumako Kalimbe, wosula mikondo,
munthu wa mapewa ngati goli.
Sanadutse tsamba la makumi atatu.
Ndinatumako mapasa, Dzimwe ndi Nyozani,
atamangana chingwe cha luzi m'chiuno.
Phiri silinawagwetsere mwala, silinabangule,
linangodikira,
mpaka anakangana za amene wadya mchere wambiri,
mmodzi nkusolola mpeni, kudula chingwe.
Zimenezo sindinakonze ndine.
Ndinangoona dzanja langa likulemba.
A Sinoya, ataima ndi matumba awo asanu,
anati, Alembi, sikelo yafa kodi,
kapena maso anu alowa fumbi?

Tsopano watsala Mwatitha.
Ali patsinde, mutu wa khumi ndi chiwiri,
miyezi itatu tsopano akumanga nsapato imodzimodziyo.
Dzina lake walisokerera mumpendero wa nsalu,
ndi ulusi wakuda, kuti phiri lisalione.
Akuti akukatenga mlongo wake.
Ine ndimamupezera zifukwa:
lero mvula, mawa inki yatha,
mkuja abwana akubwera kudzawerenga matumba.

Lufeyo, mng'ono wanga, anadutsa pachipata cha Mwami
ndi kachikwama ka buluu, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo.
Anati ndikukolola fodya wa eni ake nyengo imodzi yokha.
Wina anamuona ku Chipata, akuti,
anamuitana kawiri, iye osacheuka.
Izi sizili m'bukumo.
Ndikungonena.

Mwana wanga Tadala anawerenga mobisa,
nandipeza ndikutsuka njinga.
Bambo, mwini phiri si inu?
Lisalazeni.
Ikani masitepe, ikani mlatho, ikani ngakhale minibasi.
Ndinaseka, koma usiku ndinayesa.
Ndinakhwatcha phompho, ndinalembapo dambo,
ndinadzalapo nthochi ndi mzimbe.
M'mawa dambo linali litamira m'pepala
ndipo mizere yofiira ija, yokhwatchira,
inali itasanduka zigwembe zatsopano.

Madzulo mapiri athu enieni amakhala phee,
obiriwira mofatsa chakumalire,
mbuzi zikutsika, ana akutola nkhuni.
Palibe limene linandinamizapo.
Koma ndikamatseka sikelo ndimawayang'ana kawiri.

Usiku wathawu, tochi ya foni ili pakamwa,
ndinatsegula pa mutu wa khumi ndi chiwiri.
Mwatitha anali atamaliza kumanga nsapato.
Anadzutsa mutu kuchokera pakati pa mizere,
nandiyang'ana monga wolima amayang'anira muvi wa sikelo,
nati, ndanyamuka, kaya mulemba kaya simulemba.
Koma inu amene mwakhala mukukwera phirili
usiku uliwonse chiyambire Juni,
dzina lanu ndani?

Ndinatsegula pakamwa.
Tochi inagwa.
Kunja galu wa a Sinoya anauwa kawiri,
ndipo ndinayamba kufufuza m'thumba la malaya
lisiti lililonse limene ndinasainapo.