Mzere 31, Mipando 13 ndi 14

Bambo anandisiyira zinthu zitatu:
galimoto yokana kulira kukazizira,
ngongole ya denga,
ndi matikiti awiri a nyengo yonse,
mzere 31, kumtunda kwenikweni,
kumene mphepo ya ku nyanja ya Erie imayamba yalawa ife
isanatsikire kwa osewera.

Seputembala tinapambana katatu motsatizana.
Kamnyamata katsopano koponya mpira, mkono ngati legeni,
kankaulasa mayadi makumi anayi
n'kutembenuka osaonanso komwe wagwera.
A Lorraine Pruitt, omwe tsitsi lawo landitchinga
zaka makumi awiri ndi ziwiri,
anacheuka nati, "Dolores, chaka chino n'chathu."
Maso awo anatera pa mpando 13,
mawu ena onse anawameza.
Ndinali nditaikapo fulasiki ya khofi
kuti pasaoneke pululu.

Kenako bondo.
Kota yachitatu, Lamulungu lachiwiri la Okutobala,
zimphona zitatu zolemera ngati mafiriji
zinamugwera kamodzi.
Bwalo lonse zii,
mpaka kumtunda kwathu tinamva injini
ya kagalimoto kodzamunyamula.
Potuluka anakweza chala chachikulu.
Tinaomba m'manja ngati tauzidwa zoona.

Tinaluza kasanu.
Sindiwerenga pano mmodzimmodzi, mabala sawerengedwa pagulu.
Otis wa pagalaja ankaimbira foni wailesi m'mawa uliwonse:
kochi achoke, achoke lero, atenge ndi galu wake.
Tsiku lothokoza, nkhukundembo inazizira patebulo
ife titaunjikana pa kanema,
wathu atadutsa mzere womaliza mpira uli kukhwapa,
mlamu wanga atakwera kale pasofa,
ndiye kansalu kachikasu ka woimbira
kali gone pa udzu kumbuyo uko.
Zonse zafufutidwa.
Mlamu anatsika, navala nsapato, napita osatsanzika.

Disembala chipale chinakwirira manambala a mipando.
Poimika magalimoto a Tyrell Baskin ankawotchabe masoseji
magolovesi ali m'manja,
nandipatsa awiri mwachizolowezi,
nazindikira, koma sanalandenso.
Wachiwiriyo anadya Junie, mwana wa mng'ono wanga,
zaka zisanu ndi zinayi, mphuno psuu,
chipewa cha agogo ake chikumufika m'maso.
"Azakhali, ngati timangoluza, timabwereranji?"
Ndinamuuza kuti apondeponde pansi, zala zingafe.

Ndiye anyamata aja, opanda manyazi,
anayambanso kupambana.
Woponya wogwirizira, wadazi, yemwe matimu anayi anamutaya,
ankakwawa ndi mpira mayadi atatu, anayi, atatu,
ngati munthu wokankha galimoto pamtunda.
Chiyembekezo n'chimfine:
umati wachira, chabweranso.

Lamulungu lomaliza. Tikapambana tilowa ndime yochotsana.
Atiposa ndi ziwiri, kwatsala masekondi atatu,
mayadi makumi anayi ndi anayi kukafika pa mapolo.
Bambo pa nthawi ngati iyi ankayang'ana nsapato zawo.
Ine ndinayang'ana mpira.
Unakwera bwino, unapindika pang'ono,
unalingalira,
kenako ngwee! pa polo lakumanzere.
Chipale chinasasuka pachitsulocho, pang'onopang'ono,
chokhacho chimene chinagwera mkati.

Junie anatukwana.
Mawu athunthu, a mzere 30, ophunzira kwa a Lorraine.
Sindinamudzudzule.
Tinatsika masitepe ndi khamu losalankhula,
galimoto inakana kulira kawiri,
ndipo tili chikhalire mumdima, mpweya wathu ukuyera pagalasi,
anafunsa ngati bondo la mnyamata uja
lidzakhale litapola pofika Seputembala.

Kalata yabwera dzulo.
Mtengo wakwera, denga likudonthabe pakona ya kukhitchini.
Ndaiika pansi pa fulasiki ija
kuti ndiganize bwino,
cholembera chili kale m'dzanja.