Chimpando cha ku Katoto

A Msowoya posamukira ku Karonga
anati tenga, mbale wanga, zikwi khumi basi.
Chimpando cha khushoni, chokwana anthu asanu,
mwendo umodzi wochirikiza ndi njerwa.
Ndinalipira msanga, kuopa angasinthe maganizo.

Wa lole anafuna zikwi makumi anayi.
Mnyamata wa sakaramento anachiyang'ana,
nayang'ana njinga yake,
naseka mpaka kutsokomola.

Tinachikweza pa wilibala ya Chavula,
iye kukankha, ine kugwirira kumutu.
Mvula yamawawa inatipeza tisanapite patali,
khushoni n'kumwa madzi ngati ng'ombe.
Pachitunda cha Masasa tayala linatitimira m'matope ofiira,
ana akutilondola, akufunsana kuti wamwalira ndani.

Titafika, khomo linakana.
Tinachiimika, tinachipendeketsa, tinazula chitseko.
Linakanabe.

Chavula anachoka ndi zikwi khumi ndi ziwiri,
kuposa mtengo wa katunduyo.
Mkazi wanga sananene kanthu,
anangolowa kukatenga pulasitiki yofunditsa.

Mwezi wachitatu uno chili pakhonde.
Eni nyumba amakhalapo akamadikira lendi,
miyendo atapingasa,
ndipo nkhuku ya a Nyalongwe
yaikirapo kale mazira asanu ndi awiri.