Njiri ya ku Middlesbrough

Pansanjika yachitatu magetsi sazima.
Ine mlonda, makiyi m'chiuno,
ndimadutsako cha m'ma thu koloko usiku,
mvula ikuwaza pamawindo,
n'kupeza ana a eni ake atatu,
maso ali psuu, khofi atazizira m'makapu,
akuumba njiri popanda dothi.

Njiriyo inali mizeremizere m'kompyuta,
kenaka yosalala ngati mbatata yosenda,
yopanda ubweya ndi umodzi womwe.
Declan akakoka kadontho, mwendo unkanyamuka.
Akaphonya, khosi linkapota katatu,
mutu n'kuthawira kunja kwa galasi,
onse atatu n'kufa nazo nseko.

Nkhani yake akuti mphindi zitatu basi:
njiri ikufuna kuba keke
paukwati wa akadyansonga.
Miyezi isanu ndi iwiri kuumba mphindi zitatu!
Kwathu tikadabzala, kupalira, n'kukolola.

Usiku wina mtima unandikanika.
Ndinati, pepani ana inu,
iyi ndi nkhumba yobwereka mano.
Njiri ikamadya imagwada
ngati munthu wopempha ngongole.
Ikamathawa mchira umaima njo,
ndipo kuuna imalowa chafutambuyo,
maso ali pa amene akuilondola.

Nasreen anakankha mpando. Tionetseni.

Ine, bambo wa ana anayi,
yunifolomu ili m'thupi,
ndinagwada pakapeti,
kufwenkha pansi ndi mphuno,
kubwerera pang'onopang'ono mpaka kunsi kwa tebulo,
wailesi ya ntchito ikukhosomola paphewa.
Anajambula pafoni.
Bryony anaseka mpaka kutsamwa.
Anati bwerezani, ndinabwereza.

Sindinawauze komwe ndinaziphunzira:
m'malire mwa nkhalango ya Kasungu,
pamsanja, usiku, ndikuomba chitini,
chaka chimene nyama zinatitsogolera kukolola.
Sindinawauze za bambo anga ndi msampha wa waya,
za galimoto ya agemu itaima pakhomo,
za chitseko chomwe tinachiyang'ana miyezi isanu ndi inayi.
Kumeneko njiri sinkaseketsa munthu.

Mu Juni anandipatsa kakhadi.
Holo yodzaza, makolo atavala zakumpanda,
ine mpando wakumapeto, pafupi ndi khomo,
poti mlonda ndi mlonda.
Inadutsa mvuu yoopa madzi,
nungu yofuna kukumbatira chibaluni,
fisi wodwala ntchofu ya chimfine osatha kuseka,
kenaka yathu ija.

Ubweya anaupeza. Mchira uli njo.
Inafika pakeke, n'kugwada,
holo yonse kuti phwa!
Koma ine ndinaona china:
bondo lakumanzere likutsika mochedwa,
monyengerera,
monga limachitira langa m'chisanu muno.
Anabera ndi nyamakazi yanga yomwe, ana osaopa.

Ndinaseka mpaka misozi.
Mayi woyandikana nane anandipatsa tishu,
osafunsa kuti misoziyo ndi ya mtundu wanji.
Akadafunsa sindikadadziwa.

Pamapeto maina anakwera ngati utsi,
langa lili pansi penipeni,
Wyson Kadzakumanja,
chilembo chilichonse pamalo pake,
poti Nasreen anandifunsa katatu.

Tsopano anamaliza sukulu, anapita.
Pansanjika yachitatu ndimazimitsa ndekha.
Makompyuta ali duu, mipando ili mbwee.
Ndimakoka chitseko, n'kutuluka chafutambuyo,
maso ali kunsi kwa tebulo lija.