Mlendo wa M'chiuno

Kanabwera pa basi ya ku Joni
m'bokosi la nsapato, kokulungidwa m'masokosi.
Achimwene anga a Likaka analemba pa chivindikiro:
usakagwetse, ndi thukuta la miyezi isanu ndi iwiri.

Tsopano kamagona nane.
Kachingwe kake, kowonda ngati ulusi wa telala,
kanalowa pansi pa khungu, kumanzere kwa mchombo,
ndipo usiku wonse kamadontheza, kamadontheza,
kugwira ganyu amene kapamba wanga anamuthawa
ndili Fomu 2.

Mu minibasi ya ku Chinamwali
mayi wina anakaona pansi pa bulauzi,
nasendera kuwindo, milomo ikugwedera.
Ankayesa chithumwa.
Kondakitala anati ndi foni yamakedzana.
Ana anga a Sitandade 6
amati ndimajambulira mawu a olongolola.
Sindinawatsutse.
Kalasi langa ndi lachete kuposa onse.

Ndaphunzira masamu amene kulibe pa bolodi:
chinangwa chootcha ichi chikweza shuga bwanji,
nanga nthochi ziwiri za pamsika,
nanga mapichesi a anyamata otsika ku Chawe?
Anzanga amapemphera n'kuyamba kudya.
Ine ndimapemphera, ndiwerenge, ndidine,
mpunga ukuzizira.

Okutobala, magetsi akathima,
botolo la insulini limasamukira mumtsuko
wa mchenga wonyowa, kuseri kwa chitseko,
ndipo ndimalizonda pafupipafupi ngati khanda la malungo.

Lachinayi lina pa mlatho wa Likangala
miyendo inasanduka thonje.
Thukuta lozizira, lilime lolemera.
Ndinamva wina akuti, aphunzitsi aledzera m'mawa uno!
Wakabaza wovala jekete lobiriwira
anandimwetsa Fanta wake wotsala theka
napalasa njinga osandiuza dzina.
Mpaka lero ndimayang'ana majekete pa siteji.

Sindikakonda masiku onse.
Kamakola pa chogwirira cha chitseko,
kamalira pakati pa ulaliki,
kandisiyira timadontho takuda pamimba
ngati pamene padutsa nthata.
Koma zaka khumi ndi zitatu za jakisoni
ntchafu zanga sizinaiwale.

M'kabati mwatsala tizingwe tisanu ndi tinayi.
Kamodzi, masiku atatu.
Ku chipatala chachikulu a Nambewe anapukusa mutu:
izi sitisunga kuno, mwanawe,
masirinji aja usataye.
Foni ya achimwene sikupezeka chiyambire Lamlungu.

Usiku wathawu bambo a Sigele,
ali m'tulo, anamasula kachingwe
kamene kanazinga mkono wawo,
nakabwezera pambali panga osadzuka n'komwe.
Kenako kanalira kawiri. Batire.
Ndinakwera pa mpando mumdima,
ndinachotsa la mu wotchi ya pakhoma.

Kwacha, nkhungu yaphimba phiri,
madzi a tiyi awira,
Sigele akufunafuna nsapato imodzi,
wotchi ikunenabe kuti ndi thuu koloko.