Thovu

Ndinaliona koyamba Lachiwiri m'mawa
nditaweruka shifiti ya usiku:
thovu m'chimbudzi, loyera, losaphwa msanga,
ngati wina wachapiramo malaya.
Ndinagejemula. Mawa lake linabweranso.
Ndinati ndi mankhwala a mwini nyumba,
aja obiriwira amene amapachika m'mbali mwa mtondo.

Ine amene ndimadziwa mikodzo ya anthu khumi ndi anayi
m'nyumba ya okalamba kuno ku Burnley:
wa a Whittle, wofiirira ngati tiyi wogonera,
wa mayi Doreen umene ndimathira mu jagi
n'kulemba pa tchati, folo koloko usiku, mamililita mazana atatu.
Wangawu sindinaulembe paliponse.

Shuga ndakhala naye zaka khumi ndi ziwiri
ngati munthu wochita naye lendi nyumba imodzi,
timapatsana moni pa masitepe, basi.
Sindinadziwe kuti ndikachoka amalowa kuchipinda kwanga.

Kenako sokosi zinayamba kundilemba mizere pa akakolo.
Ndikadina chala pamsongolo kadzenje kamatsala
kundiyang'ana.

Nesi Prendergast anandipatsa kabotolo.
Woyamba wa m'mawa, anatero, musaiwale.
Ndinakabisa m'thumba la jekete, m'basi yodzaza ana asukulu,
mvula ikuwaza pa galasi,
ndipo mumsewu wonse wa Colne
chinthu chofunda chinali chokhacho.

Dokotala, mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga,
anajambula nyemba ziwiri kuseri kwa envulopu.
Impso ndi sefa, anati.
Shuga wakhala akukuza timabowo take, chaka ndi chaka,
tsopano mapuloteni amene thupi limayenera kusunga
akudutsa limodzi ndi madzi.
Ndinati, koma sindikumva kuwawa.
Anati, vuto lake ndi lomwelo.

Iye akulankhula, ine ndinali pa njinga ya bambo
tikuchokera ku msika wa Lizulu,
thumba la chimanga litabooka pangodya,
njere imodzi, ina, ina,
nkhuku za eni zikutilondola.
Tinakadziwira pakhomo, thumba litafota khosi.

Bambo omwewo anadzatupa miyendo
mpaka nsapato zawo za kutchalitchi anapatsa amalume.
Anthu anati anaponda mankhwala panjira ya kudimba.
Tinagulitsa mbuzi ziwiri kufunafuna amene anatchera.
Kachitini kankagona kunsi kwa bedi lawo
ndinkakataya ndine, m'mawa uliwonse, kuseri kwa nthochi.
Kankachita thovu.
Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Ndikanauza ndani, kuti chiyani?

Andipatsa nambala: makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu.
Akuti ikhoza kuima pomwepo ndikaisamala.
Kambewu kena koyera ka m'mawa,
mchere wongonunkhiza,
mabisiketi a pa shifiti ndiziwadutsa ngati sindikuwadziwa.

Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu
ndimamanga mabatani a jasi la a Whittle,
galimoto ya dayalisisi ikudikira panja.
Kale ndinkangoona mabataniwo.
Tsopano ndimaona mkono wawo, mtsempha wotukuka uja,
ndimaumva ukunjenjemera pansi pa chala changa
ngati kamphaka kakugona.
Dzulo anandifunsa, Esinati, bwanji manja akuzizira?
Ndinati ndi dziko lanuli.

Levisoni watumiza uthenga wamawu:
feteleza wakwera, fizi ya Yankho, denga likudontha.
Ndatumiza. Ndawonjezapo mapaundi khumi
ndi mawu akuti, achimwene, iyi si ya denga,
mukwere minibasi mukayezetse mkodzo ku Ntcheu.
Wayankha ndi kankhope koseka.
Ndamuimbira. Sanayankhe. Ndiimbanso.

M'mawa uno ndaima m'bafa, jekete ndisanavule,
yunifolomu ikununkhabe sopo wa anthu ena.
Sindinagejemule msanga.
Ndawerama, ndayang'ana, monga ndimachitira ndi a eni,
n'kuyamba kuwerenga chamumtima
kuti lero litenga nthawi yaitali bwanji lisanaphwe.