Mabokosi Oti Atsegulidwe

Zaka khumi ndi ziwiri ndinkapala matabwa a paini
m'mbali mwa msewu pa Dedza,
kukhoma mabokosi osatsegukanso.
Makasitomala anga ankabwera maso ali psuu,
osanenerera mtengo.

Lero ndimakhoma mabokosi oti atsegulidwe.

Kuno kuseri kwa phiri,
kumene nkhungu imachedwa kudzuka kuposa alonda,
timasunga achimpanzi asanu ndi awiri,
onse alendo m'dziko lino.
Msonkho anam'peza pachipata cha m'malire,
m'katoni ya sopo, kunsi kwa mpando wa thiraki.
Dzinalo anam'patsa ndi apolisi, akuseka.

A dokotala Ndaziona anandiuza tsiku loyamba:
"Bambo Kadzakumanja, kukhuta si kuchira.
Manja akasowa chochita amazula ubweya wa mwini wake."
Ndiye ndimaboola zipika, kupakamo chiponde ndi uchi,
ndimabisa mtedza m'nsungwi, kutseka ndi udzu,
nthawi ya masuku ndimawamanga m'chiguduli, mfundo zisanu ndi imodzi.
Mabulangete a kaunjika timakagula ku Lizulu.
Ogulitsa amafunsa ngati tili ndi ana ambiri.
Timangoti eya.

Msonkho ndi mphulupulu.
Bokosi la zotsekera zitatu linandidyera masiku anayi,
iye analitsegula tiyi wanga asanazizire,
nalivala kumutu,
nagubuduka nalo mpaka kumpanda.
Kuseka kwake kuli ngati macheka m'thabwa laliwisi.

Koma Nabotolo.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu pa tcheni,
kuseri kwa bala ina, kutali kumpoto uko,
akutsegulira zidakwa mabotolo ndi mano.
Atatu a manowo anatsala komweko.
Akaona munthu amaomba m'manja kawiri,
n'kutambasula dzanja,
maso ali kumbali.
Kenako amabwerera kukhoma lake,
kumangogwedezeka, kumangogwedezeka,
ngati mayi wotonthoza mwana amene palibe.

Ndinam'khomera la chitseko chotsetsereka. Ayi.
La chingwe chokoka. Ayi.
Lina ndinaikamo kagalasi, analitembenuzira pansi.
Miyezi isanu ndi iwiri
mabokosi anga ankabwerera ali chitsekere,
ndipo otsekeka chotero ndinkawadziwa kale.

M'mawa wina wa Juni, zala zitauma ndi chisanu,
udzu unandithera.
Ndinangowola zopalidwa pansi pa benchi,
timakoko ta paini topotana ngati mchira wa nanzikambe,
n'kupakira m'bokosi.
Mtedza ndinauiwala m'thumba la jekete.
Chivundikiro sindinachitseke n'komwe.

Kaya ndi fungo la utomoni, kaya n'chiyani.
Anayandikira chammbali, ngati sakufuna.
Anasolola kamodzi.
Anakakoka, kanawongoka.
Anakasiya, kanapotananso.
Anakakokanso.

Ine ndili chiimire, ndowa m'manja,
kuopa ngakhale kumeza malovu.

Anakaika pamlomo wam'mwamba. Kanagwa.
Anatapa dzanja lonse n'kuponya m'mwamba,
tinam'gwera m'mutu, m'mapewa, m'makutu.
Msonkho anafika akuthamanga kudzalanda,
iye anam'gwira mwendo,
nam'pakira zodzaza dzanja kumsana,
ndipo pakhosi pake panatuluka kaphokoso,
kokhakhala, kadzimbiri,
ngati hinjesi ya chitseko cha nyumba yosiyidwa.

Sanaombe m'manja.
Sanandiyang'ane n'komwe.
Chiyambire kugwira pulena, sindinalandirepo malipiro oposa amenewo.

A dokotala analemba m'kope lawo: mphindi khumi ndi zinayi.
Mawa lake anakhalanso choyang'ana khoma.
Mkuja wake, mphindi zitatu.
Zimatero, akuti. Mfundo ya tcheni simasuka tsiku limodzi.

Sabata yatha kwathu ku Kapalamula kunagwa zovuta,
mkulu wina woyandikana naye nyumba.
Anabwera usiku kudzagogoda, ndipo sindikanakana.
Ndinapala mpaka tambala woyamba,
ndinakhoma misomali yonse bwinobwino.
Atanyamula bokosi lawo,
ndinasesa zotsala pansi, kudzaza thumba la feteleza,
n'kulimanga panjinga.

Kukwera phiri nalo silinkalemera.