Chiwongolero Chochedwa Kuyankha

Bambo anga, a Lavern Purifoy,
anapsa zaka makumi atatu pa ng'anjo ya zitsulo ku Toledo
mpaka msana unapindika ngati mbedza.
Za penshoni zitatuluka anagula Lincoln yakale,
ya 1975, yamtundu wa khofi wothira mkaka,
boneti lake lalitali loti banja lonse n'kudyerapo mgonero,
mipando yake yomeza munthu mpaka m'chiuno.
Ankati: Odessa mwanawe, mabampu ndawamva mokwanira,
ndimvenso ena a chiyani?

Sitinkawamvadi.
Maenje amene chisanu ndi mchere zimasiya mumsewu wa Dorr
galimotoyo inkangowameza, phee,
n'kugwedeza mutu kawiri, katatu,
ngati dikoni wovomereza ulaliki ali m'tulo.
Khofi wawo sankatayika m'kapu.
Injini inkang'ung'udza kutali, ngati za kwa eni ake.

Lero pachiwongolero ndili ndekha.
Phulusa lawo lili m'kabokosi kumpando wakumbuyo,
ndalimanga lamba.
Ndikuwaperekeza kwawo, kumapiri a West Virginia,
kumene msewu umapindika ngati matumbo.

Kuno ndiye ndaidziwa galimotoyi.
Ndikakhotetsa chiwongolero, iyo imayamba yaganiza kaye.
Kenako chithupi chonse chija pendee,
kutsamira kuphompho,
matayala akulira tswii,
masipuling'i ofewa aja agwada mbali imodzi
ine ndikutsetsereka pampando, manja ali thukuta lokhalokha.
Ndaponda buleki, mphuno yake yawerama
ngati ikupepesa.
Chiwongolero n'chopepuka, chala chimodzi chikwana,
koma sichindiuza kanthu:
kaya pansipa pali miyala, kaya madzi, kaya masamba onyowa,
chili duu.

Mnyamata wa kagalimoto kakang'ono kolimba miyendo
wandiimbira hutala, wandidutsa pokhota,
kakumamatira phula ngati nkhupakupa.
Pita, achimwene.
Iwe mwala uliwonse ukuumva m'mano.

Ine ndakumbukira kuti bambo nawonso anali otere.
Ukawafunsa Lolemba kuti chifuwacho chikupweteka kodi,
yankho linkabwera Lachinayi, lofewa,
titaiwala kale funso.
Chaka chonse chomaliza anatinyamula osatimvetsa bampu,
za kuchipatala anazimeza okha.
Tinadzazindikira tafika kale pokhota,
nthawi yoponda buleki itatha.

Ndiwakwiyire?
Ndayesa, kuchokera pa mlatho wa mtsinje wa Ohio.
Mkwiyo sukhazikika pampando wofewa chonchi.

Chigwa chatseguka tsopano, msewu wawongoka.
Galimoto yapumira m'mwamba, yayambanso kuyandama,
petulo ikumwa ngati wa maliro.
Ndasuzumira pagalasi:
kabokosi kaja kali pomwe ndinakaika,
sikanasunthe ngakhale pang'ono.